Nyenje ya ku Matero

Chaisa, Lusaka
14 Meyi 2023

Amake Rumaisa,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi mwana wathu Rumaisa pamodzi ndi amayi. Ine kuno ndikudzuka, Mulungu akusunga.

Musaseke poona kalata ya papepala ngati tili m'masiku a Wenela. Che Shamsia, mayi aja a kuno ku Chaisa amene amafika ku Namwera mwezi ndi mwezi ndi zitenje, avomera kumatinyamulira makalata. Mwakhala mukudandaula kuti ndikumadula foni msanga, ine n'kumanamizira netiweki. Netiweki ilibe mlandu. M'khutu langa lakumanzere mwalowa nyenje. Ikulira osapuma kuyambira mu Malichi, ndipo mawu anu pa foni akumandifika ngati mukuyankhulira mumtsuko. Lakumanja likumvabe, kungoti likumasokonezeka ndi phokoso la linzakelo. Mukudziwa kuti kuno ine ndimadyera khutu. Likafa, ntchito yatha. Nkhaniyi ikhale ya awirife. Ngakhale Che Shamsia musawauze, pakamwa pawo mpotakata ngati chikwama chawo chomwe.

Mwati anthu kumeneko akunena kuti ndimavina m'mabala. Auzeni kuti miyendo yangayi sinavinepo chibadwire. Ndimagwira kwa ba Nkole, bambo wina wa ku Kasama amene ali ndi shopu ya nyimbo ku Matero. Amagulitsa mbale zakuda zija za galamafoni, makaseti, ndi kuikira anthu nyimbo m'mafoni. Kuseri kwa shopu kuli kachipinda komata mathireyi a mazira m'zipupa, komwe oimba opanda kampani amajambulira nyimbo zawo. Ine ndimakonza masipika akapsa. Ndimakulunga waya watsopano, n'kumata, kenako ndimagunditsa khutu pa sipika penipeni ikulira kuti ndimve ngati mkati mukukhulana. Okonza ena amayesera patali, n'chifukwa chake masipika awo sachedwa kubwerera. Lamlungu masana tikakhala ndi oimba pabwalo, ndimakhala pa mikisa, makina aja a mabatani ambirimbiri omwe mawu onse amadutsiramo.

Ba Nkole amandinyadira pamaso pa makasitomala. Amati, “Uyu mu Malawi ali na matu ya galu. Nyelele ikayenda mu sipika amaimvela.” Matuwo ndi makutu. Msilamu kumufanizira ndi galu! Koma kuno n'kuyamikira kumeneko, ndiye ndimangomwetulira, mtima uli phaphapha.

Ndatumiza kangachepe. Chimanga muthire mankhwala musanasoke matumba, chaka chatha anankafumbwe anatidyera masuku pamutu.

Ine wanu,
Ishaq


Chaisa
18 Juni 2023

Amake Rumaisa,

Asalamu aleikumu. Ndasangalala kumva kuti chifuwa cha amayi chapepuka. Kuno kwazizira, m'mawa madzi otawadhira akumaluma zala.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo katatu konse yandiwotcha. Ndiye mwaona kanema pa foni ya mlamu wanu, mkazi atandigwira paphewa, pakamwa pake pali pakhutu langa? Amake Rumaisa, khalani pansi. Mkazi ameneyo ndi Virginia wa ku komboni ya George. Masana amagulitsa kaunjika, Lamlungu amaimba ndi anyamata ake atatu a magitala ndi ng'oma. Sikuti ankandinong'oneza zachikondi. Ankakuwa kuti ndimukwezere mawu, chifukwa anali atandiitana kawiri ali patali ine osamumva. Mukanakhalapo mukanamumvera chisoni m'malo mochita naye nsanje. Ndipo taonaninso kanemayo, mwamuna wake ndi uja wayima pambalipo ngati mtengo wa magetsi.

Koma kuimba amaimba. Nyimbo amapeka yekha, za ngalande zosefukira za ku George, za alandilodi, za mayi ake ogulitsa makala. Akayamba, azimayi amasiya zochapa n'kubwera ndi thovu m'manja. Kuno oimba otere ali m'komboni iliyonse, wailesi siiwadziwa, koma anthu awo amawadziwa mpaka dzina la mphaka wawo.

Za khutu, ndinayesa mafuta ofunda monga munanenera. Nyenje inangosamba n'kupitiriza. Ndinayesanso kutseka ndi thonje pogwira ntchito, koma ba Nkole atafunsa ndinati n'chimfine, tsiku lachitatu ndinachotsa. Munthu sungakhale ndi chimfine mwezi wathunthu.

Idi ikubwerayi muphe kambuzi kakuda kaja, yaikazi isiyeni. Rumaisa asamajombe ku madrasa chifukwa cha kuzizira, juzi ndaika m'katundumu.

Wanu yemwe uja, wopanda mkazi wina,
Ishaq


Chaisa
6 Ogasiti 2023

Amake Rumaisa,

Asalamu aleikumu. Ine ndiliko. Inu muli bwanji ndi mwana? Mwezi watha sindinalembe, mutu sunkagwira.

Kunabwera mayi wina wa ku Chunga ndi sutikesi ya malemu bambo ake, yodzaza mbale za magulu akale a kuno, aja ankaimba ndi magitala olira ngati galimoto yokwera phiri. Mbale zimenezi masiku ano azungu akuzisaka ngati golide. Ntchito yomvetsera kuti iyi ndi yabwino, iyi ndi yokalika, ndi yanga. Ndinamvetsera imodzi mbali zonse ziwiri, ndinati ilibe banga. Ba Nkole anaigulitsa kwa munthu wotumidwa ndi wa kunja. Patapita masiku awiri munthuyo anabwera nayo nkhope ili gwaa. Ba Nkole anaiika pa galamafoni, anamvetsera pang'ono, n'kundiyang'ana.

“Ba Ishaq, iyi mbale ilila monga kapenta mu pani. Simunamvele?”

Ine ndinkangomva gitala yekha, kuthetheka kumene ankanenako kunalibe. Ndinati mwina singano inali ndi fumbi tsiku lija. Anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene bwana amayang'anira wantchito wake.

Ndikuuzeni zoona, lakumanja nalo layamba. Pakakhala phee ndimamva bwino, koma anthu akachuluka mawu amasanduka phala. Dzana m'minibasi kondakitala anachita kundigwedeza: “Ba tate, nakufunsani katatu, museluka kuti?” Basi yonse inaseka, ine ndinasekanso nawo.

Komabe musade nkhawa kwambiri, ndapeza njira. Ndikumayesa masipika ndi chikhatho, akamakhulana dzanja limamva kunjenjemera kwachilendo. Pa mikisa ndikumayang'ana timagetsi, tikafiira ndimabweza. Ndiponso ndazindikira kuti Virginia mawu ake akachepa amakoka ndolo yake m'mwamba, akachuluka amaikokera pansi. Iye sadziwa kuti amatero, koma ine ndi chizolowezi chakecho ndikuyendetsa ntchito bwinobwino. Mwamuna wanu si wopusa ayi.

Nandolo musagulitse kwa mavenda oyambirira, amenewo amabwera ndi masikelo akuba. Dikirani mwezi wa mawa.

Ine,
Ishaq


Chaisa
17 Seputembala 2023

Amake Rumaisa,

Asalamu aleikumu. Ndili bwino pang'ono. Moni kwa amayi ndi Rumaisa.

Mwandilembera kuti pakadafunda padajiwitsa galu, ndipite kuchipatala. Ndamva, ndipo ndipita. Koma osati pano. Pa 8 Okutobala Virginia akukhazikitsa chimbale chake choyamba pabwalo lina ku George. Wagulitsa mabelo ake onse a kaunjika kuti achijambule, ndipo akuti kubwera munthu wa ku wailesi kudzamumvera. Ba Nkole abwereka masipika ena anayi akuluakulu. Zonsezi zidutsa m'manja mwanga. Ndikapita kuchipatala lero, akandiuza zoti ndisiye, ndipo ndikasiya pano andiona ngati ndawathawa pakati pa mtsinje. Chikangotha chimbalechi ndipita, ndalumbira.

Lachitatu ndinatsala pang'ono kuwauza ba Nkole. Tinali awiri m'shopu, mawu anali atafika pakhosi. Kenako kunalowa kasitomala, iwo n'kuyamba zija za matu ya galu. Ndinameza mawu anga. Ndine mlendo kuno, Amake Rumaisa. Wa kuno akadwala amapita kwa abale ake ku Mandevu kapena ku Chawama. Ine chondisunga m'dziko muno ndi khutu lomweli.

Chimene chandiopsa ndi ichi. Mzikiti uli nyumba zitatu kuchokera pomwe ndimagona. Lachisanu ndinabwerako msanga ku ntchito, ndinasamba, n'kukhala pakhomo kudikira kumva azana yoitanira ku swala. Ndinadikira mpaka ndinaona anthu akutuluka, swala yatha. Che Salumu, oyandikana nawo nyumba, anandifunsa ngati nyimbo za ku Matero zandichotsa Chisilamu. Ndinalowa m'nyumba n'kukhala pabedi. Ndikuopa. Sindinakuuzenipo mawu amenewa chikwatiranire, lero ndakuuzani.

Mundipempherere kuti tsikulo lidutse bwino.

Ishaq


Chaisa
11 Okutobala 2023

Amake Rumaisa,

Asalamu aleikumu. M'thupi ndili bwino. Zinazo werengani nokha, ndipo kalatayi muwerengere kuchipinda.

Lamlungu lija kunatentha, koma anthu anadzaza bwalo mpaka ena anakwera pa mpanda. Wa ku wailesi anabweradi, anamupatsa mpando kutsogolo ndi ambulera. Nyimbo zinayi zoyamba zinayenda ngati madzi. Ine maso pa timagetsi, maso pa ndolo ya Virginia, dzanja pa mabatani. Mumtima ndinayamba kale kudzitama.

Pa nyimbo yachisanu, ija ya mayi ake ogulitsa makala, Virginia anatengeka. Anatsika pa nsanja ndi maiki m'manja kukawakumbatira mayi akewo, amene anakhala kutsogolo kwenikweni kwa masipika obwereka aja. Anthu anaimirira, anandiphimba, sindinamuonenso. Tsono maiki ikayandikira sipika imaliza mluzu woonda woboola mutu. Wa ntchito yanga aliyense amaumva usanakule n'kubweza batani. Ine mluzu umenewo sindinaumve ngakhale pang'ono, ndipo timagetsi ndinali nditasiya kutiyang'ana pofunafuna Virginia.

Chimene ndinaona ndi anthu onse atagwira m'makutu, atawerama, ena akupukusa mitu. Amake Rumaisa, kuno magule atsopano amabadwa sabata iliyonse. Ndinaganiza kuti ndi kavinidwe ka nyimbo imeneyi. Ndinasangalala kuti anthu ayilandira. Ndinamwetulira, ndipo ndinakweza.

Akuti ana analira, mayi ake a Virginia anagwa pampando pothawa. Ine ndinadzidzimuka nditaona utsi ukutuluka m'masipika awiri, ndi ba Nkole akudumpha mabenchi ngati mnyamata kukazula waya wa magetsi. Kenako bwalo lonse linatembenukira kwa ine, ndipo kumwetulira kuja kunali kusanachoke pankhope panga. Wa ku wailesi anapinda ambulera n'kumapita. Ena anayamba kukuwa, ndinkaona pakamwa pawo pokha, ndipo mwina ndi chisomo kuti sindinamve.

Tikupakira katundu ba Nkole anabwera kutsogolo kwanga, anandigwira mapewa, n'kuyankhula pang'onopang'ono ngati akuyankhula ndi mwana.

“Nakuitanani kasanu kumbuyo kwanu, ba Ishaq. Kasanu. Yanayamba liti?”

Ndinati mu Malichi. Anavula chipewa, anapukuta thukuta, n'kukakwera kutsogolo kwa lole. Ine ndinakwera kumbuyo ndi masipika opsawo.

Masiku atatu tsopano sindinapite ku Matero. Manyazi andimanga miyendo. Ndaonongera mwana wa eni tsiku limene analigulira ndi malonda ake onse, chifukwa choopa kutsegula pakamwa. Mukaona kanema wina pa foni ya mlamu wanu, musadzabise kuti ndi ine.

Ishaq


Chaisa
29 Okutobala 2023

Amake Rumaisa,

Asalamu aleikumu. Zikomo chifukwa cha kalata yanu ndi mtedza. Simunandinyoze, ndipo zimenezo zandipweteka kuposa mukanandinyoza.

Amene anandichotsa m'nyumba ndi Virginia. Anafika ndi mwamuna wake Loweruka m'mawa, anakana mpando, anaima pakhomo dzuwa likumuwomba kumaso kuti ndizimuona milomo.

“Ba Ishaq, ine nenze kuziba kuchokela mu Juni. Muganiza ndolo nenze kuidonsa chifukwa chani? Inibaba? Nenze kukuuzani imwe, kwezani, bwezani.”

Kubaba kuno ndiko kupweteka. Ine ndimayesa ndine wochenjera, pomwe mtsikanayu wakhala akunditsogolera ngati wakhungu miyezi inayi, osauza munthu. Ndinamufunsa chifukwa chake sananene. Anati ankadikira kuti ndinene ndekha, chifukwa munthu wamkulu sumuvula pagulu.

“Sembe munakamba, sembe tinaika munthu pafupi na imwe pa mikisa. Matu siyanilakwile. Chamene chanibaba ni kunkhala zii kwanu. Manje valani nsapato, tiyende ku chipatala.”

Ndinavala. Kuchipatala anandiveka zomvetsera kumutu m'kachipinda kotsekedwa, akuti ndizikweza dzanja ndikamva kulira. Ndinaona namwino akulemba nthawi zambiri dzanja langa lili pansi. Dokotala anafunsa ntchito yanga, ndipo nditamufotokozera zogunditsa khutu pa sipika anaika cholembera pansi n'kundifunsa kuti anandiphunzitsa ndani. Ndinati ndekha. Lakumanzere akuti silidzabwereranso. Lakumanja latsala mwina theka, ndipo theka limenelo likhoza kukhala nane mpaka ukalamba ngati nditachoka pa phokoso. Ndikapitiriza, zaka ziwiri sizikwana.

Ba Nkole sanandichotse. Masipika opsa aja ndawakonza, eni ake alandira. Akuti ndikhale, ndizingokulunga waya, pa mikisa aikapo wina. Ndi munthu wabwino, Mulungu amudalitse. Koma shopu ija nyimbo zimalira kuyambira potsegula mpaka potseka, kuseri ng'oma, kutsogolo galamafoni. Palibe ngodya yachete. Ndikakhala, ndalama zizibwerabe kumeneko, koma ndizilipira ndi khutu lotsalali. Ndikachoka, sindikudziwa kuti feteleza wa chaka chamawa adzachokera kuti.

Chimbale cha Virginia chikugulidwa pang'onopang'ono m'shopu, koma wa ku wailesi uja sayankhanso foni. Virginia wabwerera ku kaunjika, akugulitsira mnzake. Akandiona amandipatsa moni bwinobwino, ine n'kumasowa poyang'ana.

Ndiuzeni maganizo anu. Nthawi ino ndimvera.

Ishaq


Chaisa
19 Novembala 2023

Amake Rumaisa,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira mvula yoyamba yakupezani mwakonzeka. Kuno ngalande zayamba kale kulowa m'nyumba za anthu.

Kalata yanu inali ya mizere itatu, ndipo ndamva. Ndikubwera. Ndinyamuka pa 2 Disembala limodzi ndi Che Shamsia, tikagona ku Chipata, Lolemba tidzakhala tafika, Mulungu akalola. Ndawauza kale za vuto langa kuti azidzandiyankhira pa chipata cha dziko. Mwina Namwera yense adziwa ndisanafike, koma zimenezo ndasiya kuziopa.

Ba Nkole andipatsa zida zanga zonse zowotcherera ndi waya wambiri, akuti ndikatsegule pokonzera mawailesi ndi matochi. Dzulo oimba a m'kachipinda kaja anabwera kudzatsanzikana nane. Anafuna kundiimbira, Virginia anawaletsa. Tinangokhala panja pa shopu kumwa tiyi, galamafoni atazimitsa. Zaka zinayi ndakhala pamenepo, sindinkadziwa kuti kuseri kwake kuli mtengo wa mapeyala.

Tsono mvetsani izi, chifukwa ndi zimene zikundisowetsa mtendere kuposa za feteleza. Kwathuko munthu wochokera kunja akapanda kuyankha moni, amati wabwera ndi matama. Tsiku lofikalo anthu akadzadzaza pakhonde kudzandilonjera, onse akuyankhula nthawi imodzi, ine ndidzangoona milomo. Inu mudzakhale kumanja kwanga, pafupi, ngakhale azakhali anene kuti mkazi sakhala pamphasa ya amuna. Wina akandilonjera ine osaona, mudzandikhudze pabondo n'kumuyang'ana, ine ndidzayankha. Amayi muwauze kuti asadzavutike kukweza mawu, chifuwa chawo n'chofooka, adzangonditembenukira basi.

Koma makamaka Rumaisa. Ndinamusiya akukwawa, pano mukuti pakamwa pake sipatsekeka. Mumukhazike pansi mumufotokozere bwinobwino ndisanafike. Akafuna kundiuza kanthu azibwera kutsogolo kwanga, andigwire dzanja, ndimuone nkhope. Asadzandiitanire kumbuyo. Ndikuopa kuti tsiku lina adzandithamangira panjira akuitana “Ababa! Ababa!” ine n'kumangopita osacheuka, mwana n'kuima pamenepo kuganiza kuti bambo ake sakumufuna.

Mumuuze kawiri, Amake Rumaisa. Mawa lake mumuuzenso.

Ine mwamuna wanu,
Ishaq